Matandala Opanda Mwini

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale ansembe athu. Sindikunena za khoka la amalume anga ayi. Imeneyo aliyense wa msinkhu wanga kuno kugombe amaidziwa, ndipo ana amaimva kwa agogo awo ine ndisanawapatse n'komwe moni. Ndikunena za bodza limene ndinanama ndili kale ndi imvi, bodza loti ndikalikumbukira panjira ndimapezeka ndikuseka ndekha.

Za khokalo ndizitchule pang'ono kuti wowerenga amvetse. Dziko litangolandira ufulu ndinali mnyamata wa mawu amphamvu koma wosadziwa kuwerenga. Akuluakulu ochokera ku Lichinga anandikonda chifukwa ndinkabwereza zonse zimene anena osaphonya liwu. Anatiuza kuti makoka onse akhale a anthu onse, mu koperativa, ndipo ndine amene ndinatsogolera anyamata kukanyamula khoka la amalume anga, iwo ataimirira pakhomo. Khoka la anthu onse linasowa wolisoka. Linawolera pamchenga. Nkhondo itafika amalume anawolokera ku Malawi ndi banja lawo, ndipo anafera komweko. Amene anabwerera mtendere utabwera ndi mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, ali wamasiye.

Anapeza malo a bambo ake pagombe pali matandala a anthu ena. Kwa amene sadziwa za kunyanja, thandala ndi tebulo lalitali la mitengo, loyalidwa bango kapena waya, poyanikapo usipa. Usipa sudikira munthu. Ukatuluka m'bwato m'mawa uyenera kuyalidwa nthawi yomweyo, apo ayi pofika masana wafewa ndipo ntchentche zaudziwa. Ukauyanika pamchenga, wogula amaumva m'mano. Choncho mayi wopanda thandala kuno ali ngati mlimi wopanda munda.

Chimene chinapulumutsa msuweni wanga ndi chizolowezi chimene palibe anachikhazikitsa. Pagombe pathu, thandala likakhala lopanda kanthu dzuwa litatuluka, aliyense amene ali ndi usipa wauwisi ankayanikapo osapempha. Mwini wake pobwera ndi wake, iwe wachotsa kale. Msuweni wanga ankathandiza kututa usipa m'mabwato, asodzi n'kumupatsa beseni lake. Ankayenda nalo pamutu kuyang'ana thandala lopanda kanthu, kuyanika, kenako kukwera nawo ku Maniamba kukasinthanitsa ndi chimanga. Adzukulu ake amasiye anakulira pa matandala a eni ake. Amayi ena obwera kuchokera ku Malawi ankakhalanso chimodzimodzi.

Ndiye kunabwera munthu wa kutali kufuna malo a kumapeto kwa gombe kuti amangepo nyumba ya alendo. Anthu anayamba kufunsana funso limene sitinkafunsana: kodi gombe limeneli ndi la yani? A boma ku Metangula anati anthu a m'bairo mwathu, ndiye kuti dera lathu lino, tigwirizane tokha tikawauze. Apa m'pamene panadzuka anthu awiri, aliyense ndi gulu lake, ndipo onse awiri anali anthu abwino.

Woyamba anali mphunzitsi wa pasukulu pathu amene timawatcha apurofesora, mwana wa msodzi wa ku mishoni. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuwerenga pa sukulu ya akulu, ine ndili kale ndi zidzukulu. Anagwira dzanja langa ili polemba chilembo choyamba, ndipo sanaseke pamene ndinathyola choko. Ankayenda panjinga khomo ndi khomo.

"Ambuye, tsinzinani muone," anandiuza tsiku lina titakhala pakhonde pa sukulu. "Thandala limodzi lalitali kuyambira pamwala mpaka pamtsinje, lofolera pulasitiki kuti mvula isatiwonongere. Sikelo imodzi. Wamalonda wa ku Lichinga akabwera asapeze mayi mmodzi wanjala woti amunyengerere, apeze mudzi wonse uli ndi mtengo umodzi. Zotsala tigulire mankhwala ndi mabuku. Mwana asachoke m'kalasi kukapalasa bwato la munthu. Ndipo liwu loti patarau, loitanira bwana wolemba ena ntchito, adzukulu anu azidzalipeza m'mabuku mokha, pafupi ndi liwu loti kapolo."

Ndinatsinzinadi, ndipo ndinaona. Inali nyimbo ya unyamata wanga yomwe ija, koma woimba wake tsopano ankadziwa kusoka khoka. Ndinachita mantha ndi mmene ndinaikonderabe.

Wachiwiri anali amene anthu ankamutcha patarau weniweniyo. Anabwera kuchokera ku Malawi ali mwana wopanda nsapato, anayamba ndi nkhafi ya eni ake, ndipo pa nthawiyo anali ndi mabwato a injini ndi kanyumba ka alendo ku Chiwanga. Kutchalitchi sankajomba, ndipo asodzi ake sankadandaula za malipiro. Ndi yekhayo amene ankalimba mtima kunditchula pamaso dzina lakale la masiku a koperativa, loti akamarada, ndipo sindidziwa chifukwa chake zimenezi zinkandipeputsa mtima.

"Akamarada, khalani apa," ankatero ndikamadutsa pa baraka yake, kasitolo kake komwerapo tiyi. "Imwani tiyi wa munthu mmodzi. Wa anthu onse alibe shuga."

Iyenso anali ndi dziko lake la m'maloto, ndipo ankalinena akugogoda tebulo ndi supuni. "Ine ndikufuna gombe loti bambo aloze ndi chala: kuyambira apa mpaka apo ndi panga, chikalata ichi, mpanda uwu. Akafuna ayanikepo usipa, akafuna amangepo, akafuna asiyire mwana wake. Munthu amalawirira kunyanja chifukwa cha ana ake, salawirira komiti. Boma litikonzere msewu, kenako litisiye. Lamulungu tikapemphere, akulu tiwalemekeze, mwana adziwe pakhomo pa bambo ake. Inu munaona nokha, akamarada. Chinthu chopanda mwini chimawola."

Fungo la khoka lowola ndimalidziwa kuposa iye.

Onse awiri ankandifuna pa msonkhano waukulu umene unkakonzedwa. Apurofesora ankafuna ndinene kuti maloto akale anali abwino, anangosowa owasamala. Patarau ankafuna ndinene za khoka. Ine ndinkangoganiza za beseni la msuweni wanga. M'dziko la apurofesora thandala lililonse likanakhala la mamembala, tsiku lililonse lili ndi mwini wake woikidwa ndi komiti. M'dziko la patarau thandala lililonse likanakhala kuseri kwa mpanda. Konsekonse thandala lopanda kanthu la m'mawa lija kunalibe.

Ndisananame ndinayesa kaye choonadi, Mulungu ndi mboni yanga. Ndinafunsa apurofesora za amayi opanda matandala.

"Alowe gulu, ambuye. Khomo ndi lotsegula. Tikayamba kupatula uyu ndi uyo, mawa kudzakhala komiti ya okondedwa."

Ndinafunsa patarau.

"Abwere ndiwalembe ntchito. Ine ndimalipira bwino, funsani aliyense."

Ndinapita kwa msuweni wanga ndi mayankho onse awiri. Ndinamupeza akutembenuza usipa pa thandala la munthu wina. Asuweni kwathu kuno amatukwanana mwanthabwala, amalandana ndiwo, koma iye chibwerereni amandiyankhula mwaulemu wozizira ngati ndine wa boma.

"Ndawamva, abambo," anatero osandiyang'ana. "Koperativa inadya khoka la bambo anga. Dzina langa siidya. Ndipo kwa patarau amalemba atsikana a misana yolimba. Ine ndi miyendo iyi angandisunge mpaka mwezi uoneke? Musavutike nazo. Mchenga ulipo."

Mawu oti mchenga ulipo ndi amene anandilowa. Ndinayenda nawo masiku angapo. Kenako ndinazindikira chinthu chimodzi chimene anthu awiriwa ankafanana: aliyense akanalola kutaya chilichonse kupatula kuoneka wouma mtima kuposa mnzake. Ndipo sankalankhulana. Akakumana panjira ankapatsana moni wa m'mphuno.

Ndinayambira kwa apurofesora, chifukwa ndi iwo amene ndinkaopa kwambiri kuwanamiza. Ndinawapeza akupopa njinga.

"Ndamva kanthu pa baraka paja," ndinatero. "Sindikudziwa ngati n'koyenera kunena."

"Nenani, ambuye."

"Patarau akuti pamsonkhano adzalengeza kuti akusiya malo pagombe, ndi matandala ake, a amayi amene alibe. Opanda mpanda. Akuti anthu aone kuti mtima wa munthu mmodzi ndi waukulu kuposa wa komiti."

Anasiya kupopa. "Zachifundo. Awaponyere zotsala kuti azimugwadira. Malo ake ati? Ndikudziwa kale, kumabango kuja kumene kumagona mbuzi."

"Sanatchule."

"Sangatchule." Anafinya tayala ndi chala. "Chimene iye akufuna kupereka ngati mphatso ndi ufulu wa amayiwo kale. Ife tidzanena malo ake poyera: pamwala paja, pamene dzuwa limayambira kufika."

"Nanga osalowa gulu?"

Apa anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ufulu sufunsa khadi," anatero potsiriza, ngati akudziphunzitsa okha. "Akadzaona ubwino wake adzalowa okha."

Kwa patarau kunali kosavuta. Ndinalola kuti anditsanulire tiyi, ndinamwa theka, kenako ndinapumira m'mwamba.

"Mwatani, akamarada? Komiti yakuitanani?"

"Ndikukumvera chisoni, mwana wanga. Amayi a kutchalitchi onse akupita kwa apurofesora."

"Chifukwa?"

"Awalonjeza matandala aulere pamwala paja, a aliyense amene alibe, ngakhale wosalowa gulu. Akuti iwe sungathe zotero. Akuti ukapereka chinthu umakhomapo chikwangwani cha dzina lako ndi loko."

Anaika supuni pansi. "Matandala aulere. Adzamanga ndi chiyani, choko? Waya adzamutenga kuti? Adzachita misonkhano mpaka usipa utatha m'nyanja." Anaimirira, anayang'ana kugombe, anakhalanso. "Waya ndili naye ine, watsopano, ali kuseri uku. Ndidzapereka pamaso pa anthu. Popanda chikwangwani, popanda loko. Aone kusiyana kwa munthu wolankhula ndi munthu wochita."

"Ndiye malowo adzakhala a yani? Paja chopanda mwini chimawola."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwandigwira, mdala woipa inu. Adzakhala a Mulungu. Iyeyo chikalata ali nacho kale."

Ndinabwerera kunyumba ndikulingalira zimene ndachita. Bodza langa linali ndi bowo lalikulu: anthu awiriwa akangofunsana kuti wakuuza ndani, ine ndatha. Munthu amene analanda khoka la amalume ake, tsopano wanamiza mphunzitsi wake.

Msonkhano unachitika Loweruka m'mawa pansi pa mitengo ya mango ya kusukulu. Anthu anadzaza mpaka ena anakhala pa njinga zawo. Asekeretaryo a bairo, bambo wofatsa amene ankangofuna kuti tsikulo lithe popanda ndewu, anapatsa mwayi woyamba apurofesora. Analankhula bwino za thandala lalitali ndi sikelo imodzi, anthu ena akuwomba m'manja, ena akung'ung'udza. Kenako anakweza mawu.

"Ndipo pamwala paja padzakhala matandala a mayi aliyense amene alibe lake. Walowa gulu, sanalowe, ndi ake. Si mphatso ya munthu. Ndi ufulu."

Amayi analulutira. Patarau anadzuka nthawi yake isanakwane.

"Asekeretaryo, zimenezo ndi zanga. Waya wa matandala amenewo ali kunyumba kwanga panopa. Apurofesora akulonjeza ndi pakamwa chinthu chimene ine ndagula kale ndi thumba."

"Zanu?" anatero apurofesora. "Inu mumafuna kuwaika kumabango ndi mbuzi."

"Ndani ananena za mabango? Pamwala pomwepo. Popanda mpanda, popanda dzina langa."

"Mwamva kuti ife tanena pamwala ndiye mwasintha."

"Ine ndasintha? Inu ndi amene mwaba maganizo anga. Paja kwanu zonse ndi za anthu onse."

Anthu anaseka kwambiri. Mayi wina wokalamba kumbuyo anati, "Akwatirane awiriwa, akugwirizana kale," ndipo kuseka kunawonjezeka. Koma ine ndinaona apurofesora akutembenuza mutu pang'onopang'ono kundifunafuna m'gulumo. Ndinadziwa kuti funso lija likubwera, ndipo njira yokha yolitchingira inali kuimirira.

Chichokereni masiku a khoka lija ndinali ndisanalankhulepo pamsonkhano uliwonse. Nditaimirira anthu anakhala chete, chete woipa, wa anthu amene akukumbukira. Mawu anga akale aja anatuluka okha, amphamvu ngati kale, mpaka ndinadabwa.

"Ine sindinena za gulu, sindinena za mipanda," ndinatero. "Pa zimenezo ndinalankhulapo kale kamodzi, ndipo mukudziwa mmene zinathera. Ndikungofunsa asekeretaryo chinthu chimodzi. Anthu awiriwa sagwirizana pa chilichonse, ngakhale pa moni. Lero agwirizana pa matandala a pamwala. Bwanji chimenecho tichimange kaye pompano, asanayambe kukangana zina? Apambane awa, apambane awo, pamwala pakhale pomwepo."

Asekeretaryo anagwira mawuwo ngati munthu womira wagwira bwato. Anafunsa apurofesora ngati akuvomera kuti zikhale choncho ngakhale gulu lawo litagonja. Anavomera. Anafunsa patarau ngati waya adzaperekabe ngakhale mipanda itakanidwa. Anayang'ana amayi a kutchalitchi amene ankamuyang'ana, n'kuvomera.

Pamenepo msuweni wanga anaimirira. Sindinadziwe n'komwe kuti wabwera. Anamanga bwino chitenje chake, osafulumira.

"Ndifunse nawo, ine wopanda thandala. Poyanika pamenepo, ndikalembetse dzina kwa ndani?"

"Kwa wina aliyense ayi, amayi," anatero apurofesora.

"Nanga ndizikathokoza ndani m'mawa uliwonse?"

Anthu onse anatembenukira kwa patarau. Iye anakanda m'mutu.

"Thokozani Mulungu, amayi. Ine mukandiona muzingodutsa."

"Ndimadutsa kale," anatero msuweni wanga, n'kukhala pansi.

Kuseka kwa nthawi imeneyo ndikukumvabe. Asekeretaryo anafunsa ngati pali wotsutsa, ndipo panalibe dzanja ngakhale limodzi. Amfumu ndi ansembe, amene anakhala kutsogolo, anatchulidwa kukhala mboni. Amayi obwera kuchokera ku Malawi anayamba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo a ku mishoni anailandira.

Zitatero anabwerera ku nkhani yaikulu, ya gulu kapena mipanda, ndipo monga ndinayembekezera panabuka phokoso. Wina anatchula wina kuti wakuba, wina anatchula wina kuti waulesi, dzuwa linatentha, ana anayamba kulira, ndipo asekeretaryo anati tidzapitiriza tsiku lina. Tsiku linalo mpaka pano tikupitirizabe. Munthu wa nyumba ya alendo uja anatopa n'kukafuna malo kwina. Apurofesora ali ndi gulu lawo laling'ono ndi sikelo yawo, ndipo amalonda amawaopadi. Patarau anamanga mpanda pa matandala ake, anyamata ambiri amadya kwa iye. Aliyense wa iwo amauza alendo kuti matandala a pamwala ndi umboni wa dziko limene iye amalota. Apurofesora amati ndi mbewu ya gombe la anthu onse. Patarau amati ndi zimene munthu waufulu amachita popanda womukakamiza. Ine ndikamva ndimavomera onse awiri.

Tikubalalika tsiku lija, apurofesora anandipeza panjira akukankha njinga yawo. Tinayenda limodzi kanthawi.

"Ambuye," anatero, "mawu aja a pa baraka munawamva ndi makutu anu?"

"Makutu anga ndi okalamba, apurofesora."

Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikalemba chilembo chagada. Anakwera njinga n'kupita, ndipo sanandifunsenso. Ngati adzawerenga izi, adziwe kuti ndi iwo eni amene anandipatsa dzanja lolembera, ndipo andikhululukire.

Sindinena kuti tsiku limenelo linabweza khoka la amalume anga. Silinabweze. Koma ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati mnyamata, ndinadya bwino, ndipo mkazi wanga anandifunsa ngati ndamwa.

Chinthu chimodzi chinkandivutabe. Ndimawadziwa malonjezo a pamsonkhano, ndinakulira momwemo. Malo analipo, waya analipo, koma palibe anatchula za mitengo, ndipo lonjezo likagona sabata limayamba kudikira komiti. M'mawa mwake ndinanola chikwanje changa n'kukwera phiri la kuseri kwa mudzi. Ndinadula mphanda zowongoka, zolimba, zoti chiswe chivutike nazo, ndipo ndinazitsitsa imodzi imodzi paphewa, ndikupuma panjira monga nkhalamba. Pamene mabwato ankafika ndi usipa m'mawa wa tsiku lotsatira, ine ndinali nditagwada pamwala paja, ndikukumba dzenje la mphanda yoyamba.